Musandinyamule, Achimwene

Chipatala cha pa esiteti,
Pafupi ndi Luchenza,
Thyolo.

19 Febuluwale 2002

Okondedwa achimwene a Overton,

Ndikhulupirira kuti muli bwino kumeneko ku Limbe pamodzi ndi alamu anga a Joan ndi ana. Ine kuno sindinama kuti ndili bwino. Kalatayi ndapatsira a Justice, oyendetsa lole yonyamula tiyi, ndipo alonjeza kuti akupatsani pamanja lero lomwe. Ndikulidziwa khalidwe lanu lopinda kalata n'kuiika m'thumba la malaya mpaka alamu akaipeze pochapa. Iyi yokha muiwerenge pomwe mwaimapo.

Mwana wanga Tamando wagonekedwa muno. Ndabwera naye osadikira mawu anu, ngakhale ndikudziwa kuti inu ndinu malume ake, mwini mbumba, ndipo matenda aakulu chonchi munayenera kumva poyamba. Mudzandikalipira bwino akachira. Koma kuti mumvetse chimene ndikupempha, ndiyambe ndi za malemu bambo ake, a Amosi, chifukwa zimene munamva pamaliro ku Khonjeni mwezi watha si zonse. Tsiku lija ine ndinali wamasiye pamphasa m'nyumba ya eni ake, pakamwa panga panali potseka.

A Amosi anayamba kudwala mvula itangoyamba, tiyi ataphukira bwino. Thupi linkatentha, mutu kuwawa, mafupa onse kuphwanya. Tinati ndi malungo. Anamwa Fansida, anadzuka, anabwerera kumunda ndi dengu kumsana. Posakhalitsa anagwanso. Anamwanso, anadzukanso, anagwanso. Akapitawo anayamba kuwanena kuti amadwala pokhapokha mzere wothyola ukakhala wokwera phiri. Azimayi a kumalaini, kunyumba zathu za antchito, ankandiyang'ana ndi maso aja mukuwadziwa, amene anthu amayang'anira masiku ano mwamuna wa mnzawo akayamba kuonda.

Adokotala a pano, bambo wina wochokera ku Rumphi, ndi amene anatopa nawo malungo osathawo. Anatenga magazi thupi likadali lotentha, anayang'ana pamakina awo, kenako anandiitana kuti nanenso ndisuzumire. Ndinaona tinthu topotanapotana ngati ulusi, tikuyenda. Anandifunsa ngati m'nyumba mwathu muli nkhufi. Achimwene, nyumba yakale ija a esiteti anatipatsa kuseri kwa mabulugama inu munagonamo, ndipo munadzuka mukudzikanda n'kumandinena kuti sinditha kusesa. Sizinali nsikidzi zija. Ndi nkhufi, zimabisala m'ming'alu ya khoma, zimaluma munthu ali mtulo, ndipo ndi zimene zimathira tizilomboti m'magazi.

Adokotala anatiuziratu asanabaye jakisoni. Anati mankhwalawa akalowa, tizilombo timafa tambirimbiri nthawi imodzi, ndiye munthu amayamba waipiraipira asanayambe kuchira. Anati kubwera kunjenjemera, kenako thukuta, ndipo nthawi ya thukutayo ndiye yoopsa: wodwala agone chagada, diripi ili pamkono, asadzutsidwe ngakhale pang'ono. Ndinavomera ndi mutu, koma sindinadziwe chimene ndikuvomera.

Anawabaya m'mawa. Dzuwa lisanafike pamutu bedi linali likugwedera mpaka miyendo yake yachitsulo kumalira pasimenti. Mano ankagundana, anadziluma lilime. Anandiyang'ana osandizindikira. Nthawi imeneyo ndi imene anafika amalume awo ndi alongo awo a Hazel kuchokera ku Khonjeni. Iwo anamva kuti m'bale wawo walowa m'chipatala akuyenda yekha, ndiye akudzam'peza ali choncho.

A Hazel anakuwa kuti, "Mwam'baya? Matenda obwerabwera awa ndi akumudzi, sagwirizana ndi singano! Mukufuna mutiphere?"

Ndinagwada, ndinafotokoza zonse zimene adokotala ananena. Amalume awo sanandiyang'ane n'komwe. Anangoti, "Mayi, inu munam'peza ali wamkulu. Ife ndi wathu."

Adokotala anali atathamangira kufakitale kumene wina anavulala. Anamwino a Mildred anaima pakhomo, koma mkazi mmodzi akanatani? Thukuta litangoyamba achibale aja anazula diripi, anawakhazika panjinga ya kabaza, n'kuwamangirira ndi chitenje kumsana kwa wopalasa. Ine ndinkathamanga pambuyo ndi nsapato zawo m'manja. Sitinatuluke n'komwe m'minda ya tiyi. A Amosi anatsirizikira panjinga pomwepo, ali chikhalire.

Ndiye pamaliro aliyense ankati jakisoni wapha a Amosi. Inunso ndinakumvani panja paja mukuvomereza, ndipo kamtima kanga pa inu kakadalipo mpaka lero. Si jakisoni, achimwene. Anawapha ndi anthu owakonda, amene anaona m'bale wawo akuzunzika n'kulephera kungopinda manja. Chimene chimandiwawa kwambiri n'chimenechi, chifukwa ndikusowa woti ndimutukwane.

Nditabwerera kumalaini ndinatentha mphasa zonse, ndinathira madzi owira m'ming'alu, ndinazira khoma mpaka manja anasupuka. Ndinali nditachedwa. Tamando anayamba chimodzimodzi, kutentha, kudzuka n'kupita kusukulu, kugwanso. Ulendo uno sindinatayenso nthawi ndi Fansida. Adokotala anapeza ulusi womwe uja m'magazi mwake, ndipo dzulo anam'baya.

Sindidziwa kuti ndikulembereni bwanji. Ndinadziwa zimene zikubwera, komabe zitabwera ndinafuna kum'nyamula ndithawe naye. Ankati, "Amama, mundifunditse, ndikuzizidwa," pomwe mabulangete onse a a Mildred ali pa iye ndipo thupi lili ngati mbaula. Ndinagona chopingasa pamiyendo yake kuti asagwe pabedi. Pamenepo ndinawamvetsa a Hazel, ngakhale sindinawakhululukire. Thukuta litabwera ndinagwira kamkono ka diripi ndi manja onse awiri, ndipo sindinakasiye mpaka anatsegula maso n'kupempha madzi.

Wadutsa pamenepo, koma musaganize kuti mukam'peza akuseka. Lero akuoneka wofooka kuposa mmene ndinabwera naye. Maso achita chikasu, phala akukana, mankhwala akumwa amene atsalawo akumusanzitsa. Ndimam'patsa ndi kasupuni, akasanza ndimapukuta, ndimadikira, ndimam'patsanso. Akandiyang'ana ngati ndikumuzunza dala ndimayang'ana kuwindo, kumene anzanga akuoneka akuthyola m'mvula atafunda mapulasitiki. Adokotala akuti n'mmene zimayendera, ndipo akapanda kumaliza mankhwala matendawa abweranso ndi ukali.

Tsono amayi afika kuchokera ku Chimaliro. Akhala pakhonde ndi chitenje chija munawagulira pa Khirisimasi, achipinda pamiyendo. Ntchito yake ndikuidziwa. M'mawa uno analowa, anam'yang'ana mwana, n'kunena kuti, "Debora, wataya mwamuna m'nyumba yomwe ino, ukufuna utayenso mwana? Ndipatse ndim'bereke. Kwathu kuli anthu odziwa."

Ndinati, "Amayi, mwamuna wanga sanafere muno. Anafera panjinga."

Analira, inenso ndinalira. Kenako anapukuta m'maso n'kunena kuti, "Ine sindimvera iwe, kapena mlendo wa ku Rumphiyo. Abwere mwini mbumba anene yekha. Akapanda kubwera, ine ndi amene ndatsala wamkulu."

Mukuwadziwa amayi. Sanena zoseka, ndiponso sakuchita mwankhanza, akuopa basi. Ngakhale popita kuchimbudzi ndimayamba ndaitana a Mildred kuti akhale pabedi.

Mwina mwaona kuti zilembo zanga zikutsetsereka pamzere. Si cholembera ayi. Ulusi uja ulinso mwa ine. Adokotala anaupeza tsiku lomwe anaupeza mwa Tamando, ndipo anafuna kutibaya tonse pamodzi. Ndinakana. Ine ndikagona apo n'kumagwedeza bedi, osadziwa dzina langa, pamkono wa mwana pakhala ndani? Amayi ndawauza kuti ndi kutopa chabe. Koma lero thupi latenthanso, m'mphuno mwatuluka magazi, ndipo adokotala andikalipira ngati mwana. Akuti mawa m'mawa andibaya, kudikiranso kwina ndi kudzipha.

N'chifukwa chake ndikukupemphani, achimwene, bwerani. A Justice akatsitsa tiyi akubwerera konkuno, pampando pali malo. Mukawaphonya kwerani minibasi mpaka pa Luchenza, apo mupeza kabaza. Musataye nthawi kugula buledi kapena shuga, muno palibe wodya. Mungobwera ndi makani anu aja amene munkatitopetsa nawo tili ana, lero apeza ntchito. Mudzawauze amayi ndi pakamwa panu kuti mwana satuluka muno mpaka mankhwala atatha, kenako mudzakoke benchi mukhale pakati pa mabedi athu awiri.

Ndikuuziranitu monga anandiuzira ine, ngakhale ndikudziwa kuti kuuzidwa sikuthandiza kwenikweni. Mudzandiona ndikunjenjemera, mano akugundana. Mwina sindidzakuzindikirani. Mwina ndidzalira, ndidzakupemphani kuti mundichotse muno, mundipititse kwathu. Amayi adzagwira malaya anu, ndipo mtima wanu udzawavomereza. Musadzandimvere. Mlongo wanu ndi uyu akukulemberaniyu, mawu ake ndi awa. Thukuta likadzayamba mudzangogwira mkono wa diripi, musandidzutse, musandinyamule.

Ngati sindidzadzuka, Tamando amalize mankhwala ake mpaka supuni yomaliza, ndipo asadzakule akumva kuti makolo ake anaphedwa ndi jakisoni. Asadzagonenso m'nyumba ya kuseri kwa mabulugama ija.

Mundiperekere moni kwa alamu anga a Joan, muwauze andikhululukire powalanda mwamuna mwadzidzidzi chonchi. Moni kwa ana onse. Tamando wangodzuka kumene, ndam'funsa ngati ali ndi mawu kwa amalume ake. Akuti mubwere msanga, amama akutentha manja.

Ndine mlongo wanu,
Debora