Akufuna kunditema bondo, koma magazi anga sakuuma

Aphungu,

Ndine mayi wa ana awiri, ndimakhala ku Tsangano, mbali ino ya Mozambique. Nyuzi yanu imatipeza mwa apo ndi apo, nthawi zina itakulunga kale sopo, koma tsamba lanu ndimaliwongola n'kuliwerenga ndithu. Lero ndati nanenso ndilembe, chifukwa mutu wanga waima ndipo ndili ndi mantha.

Ndili ndi nthenda ya mtima. Anaitulukira ku chipatala cha ku Tete nditabereka mwana wachiwiri. Dotolo anati kachitseko kena ka mumtima kanawonongeka ndili mtsikana, mtima sugunda mwandondomeko, ndiye magazi atha kuundana n'kukatseka mtsempha wa m'mutu. Anandipatsa mankhwala osungunula magazi, timibulu tofiirira, kamodzi patsiku moyo wanga wonse. Nthawi imeneyo msewu unali bwino. Ndinkapita kukayezetsa magazi, iwo n'kundiuza kuti ndionjeze kapena ndichepetse.

Nkhondo inoyi yasintha zonse. Ku Tete amapita pa koluna, galimoto zondondozana ndi asilikali, ndipo si onse okwera amene amafika. Kuyezetsa ndinaleka kalekale. Mankhwala ankandisungira a Cândido, enifirimero, kunena kuti namwino, wa pa posito, kachipatala kathu kakang'ono, munthu wabwino zedi. Mwezi wathawu tofiirira tija tinatheratu. Iwo anayesetsa mpaka anandipezera ena oyera, a dzina lina, ochokera m'katundu wa chithandizo. Anati, "Dona, ntchito yake ndi imodzimodzi. Yambani kaye, ine ndifunse kwa akuluakulu za kamwedwe kake." Asanafunse n'komwe, kunamveka mphekesera yoti amfuti akusaka antchito a boma, iwo n'kuthawa ndi banja lawo. Posito ndi yotseka mpaka lero. Ine ndangopitiriza monga ndinazolowera, m'bulu umodzi m'mawa uliwonse.

Chiyambireni oyerawa, thupi ili silinso langa. Poyamba kunali kuphwanya m'mawondo ndi m'zigongono. Ndinati n'kuzizira, poti kwathu kuno chisanu chimalowa mpaka m'mafupa. Kenaka bondo lakumanja linatupa, likutentha, silipindika, ndikati ndiponde misozi imangotuluka yokha. M'ntchafu ndi m'mikono mwatuluka zigamba zakuda osagundidwa ndi kanthu, mpaka mnzanga wina kuchitsime anandinong'oneza kuti, "Iwe, a purufesoro ayamba liti kumenya?" Tinaseka, koma ine kuseka kwake kunali kwa pakamwa pokha. Nzimbe ndinasiya, chifukwa ndikaluma, chotsalacho chimakhala chofiira.

A purufesorowo ndi amuna anga, a Jeremias, amaphunzitsa pa shikola ya pafupi. Sanandimenyepo, ayi ndithu. Iwo poona ndikuvutika amandigulira aspirini pamsika wa pamalire, ndimamwa m'mawa ndi madzulo. Ululu umachepako pang'ono, koma bondo likukulirakulira.

Mwina mukuti bondo ndi nkhani yaing'ono. Kuno ayi. Kuno mwendo ndiye moyo. Tsiku lina masana tili kumunda tikukumba kachewere, ine nditakhala pansi ndikusankha mbewu, mfuti zinalira cha ku Ntengo-Wambalame. Anthu onse balala, kulowera kuphiri. Ine ndinadzuka, kuponda kamodzi, khu! pansi. Apongozi anga anatola Tomás, mwana wamng'ono, Marta wamkuluyo anathamanga yekha. A Jeremias anali atafika kale kumtsinje, anabwerera, kundibereka kumsana ngati khanda. Tinafika kuphiri omalizira, iwo akupuma ngati afa. Ndipo mukudziwa kuti amfuti akafika pamudzi, woyamba kumufunsa ndi mphunzitsi.

Mwamwayi zinali zakutali. Koma tikutsika, apongozi ananena anthu onse akumva kuti, "Lero tapulumuka. Mawa mwana wanga adzafera mwendo wako." Mawu amenewo anandibaya, Aphungu, ndipo chondipweteka kwambiri n'chakuti sananame.

M'mawa mwake anabwera ndi mayi Guilhermina, mnzawo wa kutchalitchi, amene amadziwika dera lonse lino pa nkhani yotema mphini. Si munthu wachinyengo. Ambiri a msana ndi a nyamakazi amawayamikira, ngakhale ineyo ndili nazo mphini za ubwana pachifuwa. Anandigwiragwira bondo n'kunena kuti muli magazi oipa. Anati ayambe ndi timphini tating'ono pakakolo kuti aone mmene thupi liyankhire. Ndinavomera. Ndikanakana bwanji, apongozi ataima pomwepo?

Aphungu, timabala take tinali tochepa ngati pokandidwa ndi minga, koma magazi anayamba dzuwa lili pamutu, kufika dzuwa likulowa asanaleke. Anathira phulusa, osatheka. Chidutswa cha kapulana, chitenje chija, chinanyowa chonse, tinang'amba china. Analeka a Jeremias atabwera kuchokera ku shikola n'kumanga zolimba, kundikweza mwendo pamtondo. Ine ndinali nditayamba kuona chizungulire. Koma mayi Guilhermina anaomba m'manja, kusangalala. Anati, "Mwaonatu! Munthu wabwinobwino angatuluke chonchi? Oipawo ndi amenewa, achuluka, akusowa njira. Apa tangotsegula zenera. Tikatema pabondo penipenipo n'kulumika ndi nyanga, ayamwike onse, mwana uyu athamanga ngati gwape." Apongozi anavomereza ndi mutu, nkhope ili mwee.

Ndapempha kuti adikire timalize kukumba kachewere, ndipo avomera monyinyirika. Munda watsala pang'ono. Ndikaona mizere ikutha, mtima umangoti phaa.

Ine kuno ndili pa chitengwa. Kwathu ndi ku Chidzolomondo, ku Macanga, ndipo chitsekekereni njira sindikudziwa ngati amayi ndi amalume ali moyo. Wondiyankhulira palibe. A Jeremias ndikawafunsa amangogwira mutu, amati, "Amayi akufuna uchire, iwenso ukufuna uchire, nanga ine ndikane chiyani?" Nawonso ali ndi mantha, ndimawaona.

Ndiye ndiuzeni zoona. Kodi ndi mankhwala oyerawa akundipweteka mafupa? Ndiwasiye? Ndikawasiya, si ndiye ndifa ziwalo monga ananenera dotolo? Nanga ngati magaziwo ndi oipadi, ndikukana chithandizo pachabe, amuna anga n'kudzaphedwa atandibereka, ndidzawayang'ana bwanji apongozi? Tulo sindikuona. Ndithandizeni.

A. R., Tsangano

Mayi A. R.,

Lumo limenelo lisakuyandikireninso. Ndayamba ndi mawu amenewa kuti ngakhale nyuziyi ikupezeni itang'ambika, awa okha muwaone.

Ine si dotolo, choncho kalata yanu ndinapita nayo kwa dotolo weniweni. Ataiwerenga anaimirira. Akuti magazi amene anatuluka pakakolo paja si oipa ayi. Ndi magazi anu abwinobwino, omwe amakuyendetsani, koma asungunuka mopitirira muyeso moti akulephera kuuma. Zigamba zakuda zija, nkhama zotuluka magazi, zonsezo zikunena chinthu chimodzi. Bondolo nalonso akuganiza kuti magazi akuchuchira mkati mwake, n'chifukwa chake latupa n'kumatentha. Litha kukhalanso vuto lina, monga mafinya kapena nthenda ya ubwana ija imene inawononga mtima, ndipo zimenezo wodziwa ndi amene waligwira ndi manja. Koma pa zonsezi palibe chimene chimachira ndi nyanga. Ngati timabala ta pakakolo tinakuchititsani chizungulire, kutema bondo n'kuyamwa kutha kukuphani tsiku lomwelo, apongozi anu akuyang'ana.

A enifirimero anu sananame kuti ntchito ya mankhwalawo ndi imodzi. Koma mphamvu si imodzi. M'bulu woyera utha kukhala waukali kuposa wofiirira uja ngakhale akulingana kukula, ndiye kumwa mwachizolowezi popanda kuyezetsa n'kumene kwakufikitsani apa. Si kupusa kwanu. Munasiyidwa panjira.

Tsono imvani. Aspirini lekani lero lomwe. A purufesoro amagula ndi mtima wachikondi, koma aspirini nayenso amasungunula magazi, ndiye mwakhala mukuthira madzi m'phala lomwe ndi lamadzi kale. Ululu ukakula, parasitamolo yekha ndiye mungamwe. Bondolo musalithowe ndi madzi otentha, musalisisite, musalole munthu kuliwongola mokakamiza. Ikanipo kansalu konyowa ndi madzi ozizira, mwendo ukhale pamwamba. Ojabaya oyenda ndi jakisoni m'matumba muwakanenso, chifukwa kwa inu ngakhale singano ndi bala.

Za kusiya mankhwala, mantha anu ndi oona. Kuwataya n'kukhala pakhomo ndi ngozi inanso, magazi atha kuundana monga anakuuzani ku Tete. Dotolo akuti popeza mukutuluka kale magazi, musamezenso m'bulu woyerawo mpaka akuoneni, koma kukuonaniko kukhale kwa mawa, osati kwa mwezi wamawa. Muyeso woyenera sungachokere kwa ine, kapena kwa inu, kapena kwa mnansi. Uchokera m'magazi anu akayezedwa.

Koluna ya ku Tete iiwaleni. Malire muli nawo pafupi, ndipo anzanu ambiri a kumeneko akuthandizidwa m'zipatala za mbali ino. Pitani ku Ntcheu. Pa njinga, pa ngolo, pa machira, zilizonse, bola musayende ndi mwendowo. Njira yabwino kuwolokera akudziwa ndi anthu a kwanuko, afunseni. Tengani mankhwala oyerawo m'chikutu chake, ndi chikutu cha akale ngati chilipo. Mukafika musakhale pamzere mwaulemu ngati mwabwera ndi chimfine. Nenani pakhomo pomwepo kuti, "Ndimamwa osungunula magazi ndipo ndikutuluka magazi." Akalephera kuyeza pamenepo adzakutumizani koyenera. Ndipo mukaona mkodzo wofiira, chimbudzi chakuda bii, kusanza magazi kapena mutu wowawa modabwitsa, musadikire kuti kuche bwino kapena munda uthe. Kachewere saola tsiku limodzi.

Tibwere kwa apongozi. Musawade. Mayi amene uja anaona mwana wake akubwerera kumene kukulira mfuti, ndipo mawu owawa aja anatuluka ndi mantha. Iwo ndi inu mukufuna chinthu chimodzi. Mayi Guilhermina nawonso musawanyoze pagulu, sanakumanepo ndi munthu womwa mankhwala ngati anuwa, ndiye akuwerenga zimene aona monga anazolowera. Auzeni mwaulemu kuti thupi lanu lili ndi mankhwala a kuchipatala oletsa magazi kuuma. Koma ulemu ukhale pa mawu pokha, mwendo musapereke. Mbewa ya manyazi inafera kuuna, mayi. Chitengwa si chifukwa choti munthu afe ali chete.

Ndipo inu a Jeremias, poti ndikudziwa kuti muwerenga nawo, zogwira mutuzo zithe. Mukuti mukane chiyani? Kanani lumo. Mkazi wanu amalume ake ali kutali, ndiye nkhoswe yake lero ndinu. Amayi anu mawu a mpongozi atha kuwakankhira kumbali, koma anu awamva. Akhazikeni pansi muwauze kuti mwendo umene akufuna uthamange ukachira kuchipatala, ndipo ngati n'kotheka apite nawo, akamve okha pakamwa pa dotolo. Munalimba mtima kubwerera kuchokera kumtsinje kuja. Kunena kuti ayi kwa mayi wokubalani n'kovuta kuposa pamenepo, ndikudziwa, koma chitani.

Mayi A. R., mwandifunsa kuti mudzawayang'ana bwanji apongozi zikadzavuta. Sindingakulonjezeni kuti mfuti sizidzaliranso, ndipo za njira ya kumalire nanenso ndikuda nazo nkhawa. Koma amfutiwo mwina abwera, mwina sabwera. Nyanga ija ndiye yabwera kale, ikungodikira mzere womaliza. Nyamukani munda usanathe. Munthu wotupa bondo amanyamulika, koma magazi akathera pansi palibe amene angawawole n'kukubwezerani.

Aphungu