Bambo Anamva Kuseka Kwako

Mlongo wanga,

Ndikhulupirira uli bwino pamodzi ndi alamu, ndiponso kuti chifuwa chija chinakusiya. Kuno ana ako awiri ali bwino, kusukulu akupita, kudya ndiye usachite kufunsa. Amene sali bwino ndi Bambo. Ndalemba kalata chifukwa pafoni umathamangira kunena kuti uli pantchito.

Ukudziwa kuti chidwalire sitiroko, Bambo amakoka mwendo wamanja. Adokotala anati aziyenda tsiku lililonse, apo ayi mwendowo uuma. Ndiye m'mawa ankagwira ndodo, kuchoka pakhomo mpaka pashopu pamene ankasokera zovala kale, n'kubwerera. Ankafika thukuta lili kamukamu, koma akumwetulira.

Sabata yatha mwana wako wamkulu anawatsatira pambuyo, akukoka mwendo, pakamwa atapotoza ngati iwo. Wamng'onoyo ankajambula ndi foni unawatumizira ija. Anthu a pashopu ndiwo anadzandiuza. Ndinawakalipira anawo mpaka mawu kusasa, koma wamkuluyo manyazi analibe n'komwe. Anati ine azakhali ndimakonda kukulitsa nkhani, kanemayo anatumiza kale kwa adadi awo, anaonera ndipo anaseka.

Ndinati akunama. Anayatsa uthenga wa mawu umene unawayankha, ndipo kuseka kwako kunadzaza pabalaza, ukuti mwanayu ndi katswiri wa zisudzo. Bambo anali pampando wawo, nsapato imodzi ili m'manja.

Chiyambire tsikulo sanatulukenso. Ndodo anaikankhira pansi pa bedi. Ndikati tiyeni tikayende, amati kumsewu kwachuluka anthu. Dzulo ndikuwasambitsa, bondo linakana kupindika. Mwendo umenewo ndi umene unkapalasa makina kuti iwe uphunzire. Zikundiwawa, ndipo ndakukwiyira, sindikubisa.

Foni ndinalanda, kulangiza ndalangiza, koma palibe chikulowa. Chakudya cha Agogo awo amangochisiya pakhomo la chipinda n'kuthawa akutsinana. Angandimvere bwanji ine, pamene bambo awo anawawombera m'manja?

Ndikukupempha, imba foni anawa ali pomwepo. Upepese kwa Bambo anawo akumva, aone kuti ngakhale iwe wa ndevuwe umatsitsa mawu pamaso pa mkulu. Kenako uwauze apepese nawonso, ndipo m'mawa aziwaperekeza, wina mbali iyi, wina mbali inayo. Usatumize jekete kapena mankhwala kuti zikulankhulire. Mwendo sukudikira.

Uthenga wako uja ndinafuna kuufufuta, koma Bambo anandiletsa. Ndikawapititsira tiyi amandipempha kuti ndiwayatsire. Ndinawafunsa kuti akudzizunziranji chonchi. Anati chidwalire sanamvepo mawu ako, ndiye awa ndi amene alipo.

Mulungu akusunge, akupatsenso mphamvu zoimbira foni. Upereke moni kwa alamu, uwawerengerenso kalatayi, poti anawa ndi awonso.

Ndine mlongo wako wamkulu,
amene ndimasambitsa Bambo