Mbewu ya amayi yapserera m'munda

Okondedwa achemwali,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana ku Karongako. Kuno ku Dzoole tadzuka, kungoti abambo mwendo uja ukuwavutabe.

Masabata atatu apitawo kunagwa chimvula kuchokera kumapiri a Ntchisi. A zanyengo anali atanena pa wailesi kuti tisadzale, mvula yeniyeni ichedwa mpaka Disembala, ndipo mu Januwale kudzakhala ng'amba. Ndinawauza abambo kuti chimenechi n'chizimalupsa chabe. Iwo anati, "Mayi ako sankadikira wailesi." Anatsitsa chimanga chamakolo chija amayi anapachika kukhitchini asanamwalire, n'kudzala chonse. Ndinakwiya, komabe ndinawathandiza kukwirira.

Chinamera bwino, achemwali, kenako dzuwa linaswa mtengo. Lero mizere yonse yapserera, ndipo abambo akungokhala m'mbali mwa munda.

Chonde, chimanga chija amayi anakupatsani mutabwera, ngati chatsalako ngakhale chimodzi, ana asakazinge. Mutitumizire chimangacho mvula isanabwerenso. Mbewu yakusitolo tingathe kugula, koma ya amayi yatsala kwa inu nokha.

Mulungu akusungeni nonse, ndipo mutikumbukire m'mapemphero.

Ine mng'ono wanu,
Esinati