Chala Chinakana Kutuluka M'thumba

Lolemba, 2 Seputembala

Kalata yandipeza kusukulu. Pa 14, bwalo la kuboma, kiriketi: Ntcheu ndi timu ya ku Lilongwe. Kudzakhala alendo awiri osankha anyamata a timu ya dziko. Woimbira: ine. Amene tili ndi pepala la ntchitoyi kuno ndife awiri okha, ine ndi a Fanizo, ndipo tifunika tonse. Pothawira palibe.

Vuto ndi Cyprian. Mwana wa mlongo wanga Dailes, womenya wathu wamkulu. Bati yake yoyamba yomenyera mpira ndinamusemera ndine ali Sitandade 6, thabwa la desiki yothyoka. Chaka chatha anamenya marani 100 kawiri (marani ndiwo zigoli za kiriketi). Chimutchulireni pa wailesi mu Juni, marani ake: 4, 0, 7. Alendowo akudzera iyeyo. Chamulowa mwanayu n'chiyani?

Lachinayi, 5 Seputembala

Ndinakamuonera akuyeserera pabwalo lathu la ku Kandeu. Popanda anthu mpira amaupweteka, wina mpaka unakagwa kuseri kwa nyumba ya ahedi. Atangoima a kabaza anayi kudzaonerera, mapazi gwa, ngati wavala majombo odzaza matope. Dzanja lomwelo, mpira womwewo. Ndiye mantha amakhala m'mapazi? Ine ndinkayesa mumtima.

Ndaonanso ichi: asanamenye akumakonza chipewa katatu. Kale ayi.

Ndinamufunsa. Akuti, "Malume, ndikumamva aliyense akupuma."

Mawu amenewa ndayenda nawo njira yonse.

Lamulungu, 8 Seputembala

M'tchalitchi amupempherera mochita kutchula dzina. Amayi a mvano apeza kale lole yopitira kuboma. Potuluka, chigulu pa iye, aliyense ndi malangizo ake, ngakhale akuluakulu amene sanauonepo mpirawo. Iye kumangoseka ndi mano okha.

Dailes anandikokera pambali. Malamulo sawadziwa, koma limodzi waligwira: ndikakweza chala, mwana wake watuluka, samenyanso tsiku limenelo. "Achimwene, chala chanucho chili ndi thumba lake. Mwana wa mlongo wanu simungamuloze pagulu ngati mfiti."

Ndinaseka. Iye sanaseke. Ndinamuuza kuti chibale sichilowa m'bwalo. Pakamwa pokha ndine katswiri.

Lachisanu, 13 Seputembala

Jekete loyera lachapidwa, lasitidwa. Akazi anga, mayi a Chikhu, akuti mawa ndingodzuka ndi mutu waching'alang'ala, zithere pomwepo. Ndakana. Osati chifukwa cholimba mtima ayi. Ndikufuna ndidzaone pafupi chimene chimachitika pankhope pake mpira ukamabwera. Mpando wabwino kuposa wanga palibe.

Loweruka, 14 Seputembala

Lole ya kwathu, ng'oma ziwiri, nthungululu. Ngati ukwati.

Cyprian analowa wachitatu. Mipira isanu yoyamba sanaikhudze dala, kumangoisiya idutse. Anthu kung'ung'udza: tabwerera zimenezi? Ine ndili chapafupi, maso pa iye. Thukuta pamphuno. Milomo ikuyenda. Ndinati pemphero.

Wachisanu ndi chimodzi anangoukankha, n'kuthamanga rani imodzi. Atafika mbali yanga ndinatchera khutu. Si pemphero. Akutchula mayina a ng'ombe za malemu bambo athu, imodziimodzi, monga zinkatulukira m'khola! Kuti asamve anthu. Anazitenga kuti nzeru zimenezi?

Kenako mapazi anamasuka. 20. 30. Mpira wina unakamenya chitseko cha lole, dalaivala n'kuvina m'malo mokalipa. Mlendo mmodzi anayamba kulemba.

Pa 46. Woponya wamtali, mpira waukali. Unakhudza m'mphepete mwa bati, kaphokoso ngati kuthyola kamtengo ka machesi, wa ku Lilongwe woima kumbuyo kwake n'kuuwakha usanagwe pansi. Lamulo: watuluka. Woweruza ndine, poti a Fanizo anali kumbali. A ku Lilongwe anakuwa onse, maso pa ine. Ndinaumva bwinobwino. Koma ng'oma zinali zikulira, ndani akanatsutsa? Marani anayi okha kuti akwane 50. Dzanja linakhala m'thumba. Ndinapukusa mutu.

Cyprian anandiyang'ana nthawi yaitali. Anapanira bati m'khwapa, n'kutuluka yekha.

Ng'oma zinasiya. Manyazi anandigwira, ndipo masewero anali asanafike pakati.

Lachiwiri, 17 Seputembala

Dailes akulengeza pamjigo kuti mlongo wake ndi munthu, chitsiru ndi mwanayo. Bola akanandinyoza.

Cyprian anabwera masana. Amutenga. Lolemba apita ku Blantyre kukayeserera ndi anzake a timu ya dziko. Ndinadzuka kuti ndimugwire chanza, iye anali atakhala kale pakhonde, manja pamawondo.

Anayankhula motsitsa. "Chiyambire Juni aliyense akundinyamula ngati dzira. Ndinkati malume okha ndi amene sandimvera chisoni. Mutapukusa mutu ndinadziwa kuti nanunso mwandiona kuti sindingathe pandekha."

Wapempha kuti ndisadzaimbirenso masewero amene iye akumenya. Mwaulemu wonse. Ndavomera, ndikanatani?

Ndinamuperekeza mpaka pamsewu. Potsanzika anafunsa, "Koma mpira uja munaumva, eti malume?"

Ndinati kunali ng'oma.