Magazi a Mayi a Yosefe

Lachinayi, Okotobala 1942. Kwatentha, koma tsiku layenda mofatsa.

M'mawa ndinaperekeza akazi anga kuchipatala cha mishoni. Chipitireni Yosefe wathu kunkhondo, mtima wawo umangogunda ngati athamanga, tulo osabwera. Asisitere anawabaya chala, nayang'ana dontho la magazi pa makina agalasi oonera tinthu ting'onoting'ono.

"Malungo mulibe, aphunzitsi," anatero kwa ine. "Ndi nkhawa iyi. Mantha nawonso amathamangitsa magazi."

Pobwerera, akazi anga anathyola masamba a chanzi m'mbali mwa njira, akuti kafungo kake kamakhazika mtima pansi. Tawiritsa, tamwa tonse awiri. Iwo agona dzuwa lisanalowe, tulo teniteni, koyamba chichokereni mwanayo.

Ine sindinawauze Asisitere kuti mtima wanganso umagunda chimodzimodzi. Kapena mawa ndikathyole masamba ena...