Dzino Loimitsa Malole

Lolemba, 2 Juni

Wachisamba wabwera ndi pepala la zoyenera kukonzedwa ukwati wake usanafike pa 21. Denga la kukhitchini, suti yanga, tsitsi la mayi ake. Chachinayi: dzino langa. Andilemba pakati pa tsitsi ndi mipando yobwereka.

Dzino lakutsogolo, lakumanzere, logumuka ngodya. Tcheni ya lole inandimenya pakamwa zaka 24 zapitazo, chaka chomwe ndinayamba ntchito pageti la nyumba yosungira katundu. Mayi a kunyumba analira tsiku limodzi, kenako anazolowera. Palibenso amene anadandaulapo.

Koma kwa mwamuna amene akukwatiwa nayeyo akuti ndi anthu a zithunzi. Khoma lonse la pabalaza pawo, mano okhaokha. Mawu a mwana wanga: "Ndilipira ine, bambo, inu mukangotsegula pakamwa."

Ndavomera. Chimalizireni sukulu mwanayu sanandipemphepo kanthu.

Lachitatu, 4 Juni

Kwa dokotala wa mano, ine ndi Wachisamba. Mpando wogoneka munthu ngati wakomoka, nyali kumaso. Dokotalayo ndi mayi wamfupi, amalankhula ndi dzino, osati ndi mwini wake.

Njira ziwiri, akutero. Yoyamba viniya: kachikamba kopyapyala ka dothi lowotcha, longa la makapu amene timasungira alendo. Amayamba apala dzino, kenako atenga muyeso kutumiza kwa owumba, masiku asanu ndi anayi kabwera. Sikada ndi tiyi, kamatha zaka khumi ndi kupitirira. Koma chopalidwa chapalidwa, sichimeranso. Yachiwiri kompoziti: phala loyera, amamata tsiku lomwelo nkuumitsa ndi kanyali kabuluu. Mtengo wake wotsika kwambiri. Limada ndi tiyi, likhoza kugumuka, koma akhoza kulichotsa kapena kulisema mmene ufunira.

Ine ndazitcha ya kapu ndi ya phala, kuti ndisaluze lilime.

Wachisamba akufuna ya kapu. Akuti za phala ndi za anthu osatsimikiza. Ndafunsa dokotala ngati akuona kuti ineyo nditha zaka khumi, wati iye amadziwa za mano okha. Tagwirizana chonchi: Loweruka amate phala kuti tione maonekedwe, Lachitatu likudzalo apale dzino, pa 20 aike kapu. Mwana walipiriratu zonse. Ndinayang'ana kumbali akulipira, manyazi.

Lachisanu, 6 Juni

Malole 19 lero. Miyendo yatupa.

Geti lathu anamanga anthu amene sanaonepo lole. Lopapatiza, khoma uku ndi uku, ndipo lole iliyonse imalowa chambuyo. Ntchito yanga likhweru. Awiri aafupi, bwera. Lokwera, pinda kumanzere. Lotsika, pinda kumanja. Limodzi lalitali, ima. Bwana amati ndine woyang'anira mayendedwe, koma zoona zake amandilipira mpweya.

Ndauza Gonthi za mawa. Dalaivala wamkulu kuposa onse, injini inamudya makutu kalekale. Mkazi wake samumva, bingu salimva, likhweru langa lokha ndi limene limalowa. Ndinachita kumulembera pakatoni. Wawerenga, waseka, wafunsa ngati wokwatiwayo ndi mwana kapena ndine.

Loweruka, 7 Juni

Amata. Mphindi makumi anayi, osapweteka ngakhale pang'ono.

Pagalasi munthu wachilendo, wooneka ngati akufuna kundigulitsa inshuwalansi. Lilime likungopita pangodya paja, likupeza khomo lotseka, likubwerera.

Mayi a kunyumba andizungulira kawiri. Afunsa ngati dokotalayo amamatanso dazi. Wachisamba wandijambula nkutumiza kwa asewele anga nthawi yomweyo. Anasangalala ngati tsiku limene ndinamugulira nsapato zoyamba za kusukulu. Mtima wanga unali mbee.

Tiyi ndamwera mukapaipi kuti phala lisade. Bambo wa zaka 57, kapaipi.

Lolemba, 9 Juni

Khoma lagwa.

Ndilembe bwinobwino. Lole yoyamba mmawa, ya Gonthi, yodzaza matumba a simenti. Iye wazolowera, wayamba kubwerera yekha. Itafika poyenera kuima ndakoka mpweya, ndaika lilime pamalo pake, ndauzira. Fuu. Ngati munthu akuziziritsa tiyi. Ndayesanso. Fuu. Ndathamanga, ndakuwa, ndagwedeza manja, ndaponya chipewa. Lole ikungobwera mwaulemu wake.

Khoma lakumanja lagona lonse, pamodzi ndi njinga ya kapitawo imene inatsamira pamenepo. Munthu sanavulale, tithokoze Mulungu.

Gonthi watsika, wayang'ana khoma, wayang'ana ine. "Ima sindinamumve, ndiye sindinaime."

Kapitawo anamufunsa za magalasi. Apa mpamene tadziwa tonse kuti galasi lakumanja Gonthi analitembenuzira nkhope yake zaka zambiri zapitazo, amametera ndevu. Lakumanzere amakolekapo thaulo. Madalaivala enanso chimodzimodzi, palibe amayang'ana kumbuyo pageti limeneli. Ayang'anirenji, ine ndilipo?

Zaka 24 ndinkayesa luso ndi langa. Kani linali la tcheni.

Lachiwiri, 10 Juni

Kapitawo wandigulira wezulo yapulasitiki. Nditaliza, dalaivala woyamba waima pakati pa msewu, watsika, wandipatsa laisensi ndi manja awiri. Wachiwiri wathawa ndi katundu yense, anamupeza masana. Gonthi saimva nkomwe.

Tayesa mbendera yofiira, koma mbendera imafuna munthu woyang'ana. Tayesa kumenya chitini. Malole anayi okha alowa tsiku lonse, ena ali pamzere mpaka kumsika.

Madzulo kapitawo wandiitana. Sanakalipe, bola akanakalipa. Akuti bwana wamkulu wanena kuti likhweru likapanda kubwerera pofika Lachisanu, aika makamera kumbuyo kwa malole, ndipo pageti sipafunikanso munthu. Ntchito ina ya ine palibe. Matumba sindingathenso kunyamula.

Ndayesa kuimba kubafa, kuseri kwa nyumba, ndi zala, popanda zala. Mayi a kunyumba anabwera kudzaona ngati tayala la njinga laphulika.

Mawa tsiku lopala. Akapala ndiye basi. Ndili ndi mantha.

Lachitatu, 11 Juni

Ndinapita ndekha, Wachisamba anali kokayesa diresi. Dokotala wayatsa kamakina kake, wati tsegulani. Ine kukamwa ndii. Watinso tsegulani. Ndayankhula mano ali olumana, ndafotokoza zonse: geti, khoma, njinga, Lachisanu.

Sanaseke. Wazimitsa makina, wakhala pansi, kwa nthawi yoyamba wayang'ana ine mmaso. Akuti kusukulu anaphunzira zaka zisanu ndipo za malole sanamvepo. Ya kapu ikalowa, likhweru tiiwale, chifukwa dzino lenilenilo likhala litasintha. Koma phala akhoza kulisema pang'onopang'ono mpaka mpata ubwerere. Vuto, mpata wakale sanaujambule bwino, ndipo akapitirira muyeso liwu lisintha.

Ndati ndidzamva ndekha likafika. Kenako ndakumbukira kuti khutu langa si limene likufunika.

Tapangana mawa nthawi ya nkhomaliro.

Wachisamba waimba foni kufunsa ngati apala. Ndati zayenda bwino. Bodza loyamba kumuuza mwana ameneyu chikulire chake.

Lachinayi, 12 Juni

Gonthi wabweretsa lole. Waimika kunja kwa chipatala cha mano, msana kuzenera, injini ikulira ngati kuntchito. Pakatoni ndinamulembera kuti akamva alize huta.

Namwino watsegula zenera. Dokotala apale pang'ono, ndidzuke, ndilavule, ndipite pazenera, ndiimbe. Koyamba fuu. Kachiwiri fuu wonenepa. Kachitatu kanatuluka kaliwu, kunabwera galu wa eni ake nkukhala pansi pa zenera. Kachinayi agalu atatu. Gonthi zii, akudya nthochi.

Dokotala thukuta kamukamu. Wandifunsa ngati liwu lakale linali lokwera kapena lotsika kuposa ili. Ndati lokwera pang'ono, lokhala ngati lili ndi mchenga. Wasintha kamutu ka makina, wapala cha mkati. Bambo wina amene amadikira panja ndi tsaya lotupa anasuzumira, anaona dokotala akutchera khutu pakamwa panga, ananyamuka osatsanzika.

Kachisanu ndi chiwiri. Ndakoka mpweya, limodzi lalitali. Magalasi a pazenera ananjenjemera. Ndiye huta! Gonthi sanaisiye mpaka anthu a m'masitolo anatuluka. Namwino kuwomba mmanja. Ine misozi, malovu, zonse pamodzi.

Dokotala sanalole ndichoke asanasalalitse. Akuti dzina lake lili pamenepa, kugumuka kukhale kwaukhondo. Tsopano ndili ndi dzino logumuka lonyezimira kuposa onse mkamwa. Ndalama ya kapu akuti abweza ina kwa mwana, yotsalayo ndi ya ntchito ya lero. Sakudziwa kuti pa lisiti alembe chiyani.

Lachisanu, 13 Juni

Malole 23. Onse alowa ngati ulusi pasingano. Kapitawo wangoti khomalo tikamange Lamulungu ine ndi Gonthi. Ntchito ilipo.

Madzulo Wachisamba wabwera ndi suti. Ndinamulonjera dzanja lili pakamwa ngati wachimfine. Ndikanapulumuka, koma thalauza linakana kutseka pamimba, mayi ake anaseka, nanenso ndinaseka.

Wachisamba analiona dzino. "Ndiye ndalipira kuti akugumuleninso?"

Ndafotokoza. Iye wati ntchitoyo ndikanangoisiya, akanatisunga iye ndi mwamuna wake. Ananena mwachikondi, ndikudziwa, koma zinandilasa. Ndayankha kuti likhweru lomwelo ndi limene linamuphunzitsa sukulu mpaka kudziwa mawu oti viniya. Sindikanayenera kunena. Chimene chamuwawa kwambiri akuti ndi bodza la Lachitatu.

Potuluka wati pazithunzi ndisadzatsegule pakamwa. Sanatsanzike.

Lachitatu, 18 Juni

Khoma tinamanga, lapendekeka pang'ono.

Wachisamba akuimbira mayi ake tsiku lililonse. Ine ayi. Ndikamva foni ndimayeserera kufuna kanthu kukhitchini kuti ndimve liwu lake.

Ndikuphunzira kumwetulira milomo ili yotseka. Mphindi khumi pagalasi mmawa uliwonse. Mayi a kunyumba akuti ndikuoneka ngati ndaba dzira nkulibisa mkamwa. Ndayesa kupendeketsa mutu, akuti tsopano dziralo laola.

Tiyi ndabwerera kumwera pakapu. Lide likada.

Ndalakwa kapena sindinalakwe, sindikudziwa. Chimene ndikudziwa, mwana wanga akuchoka pakhomo Loweruka ali wokwiya nane.

Lamulungu, 22 Juni

Ukwati watha. Mapazi ngati mitanda.

Ndinasunga lamulo. Kutchalitchi nyimbo ndinaimbira mmphuno. Asewele anga ndinawalonjera ndi mutu, kuwerama kokhakokha. Bambo a mkamwini wanga ananditengera pambali nkundifunsa mwaulemu ngati ukwatiwu ndikutsutsana nawo. Ndinapukusa mutu mwamphamvu, akuoneka kuti sanamvetse kuti ndikukana chiti. Mawu a makolo analankhula mayi a kunyumba, ine nditaima pambali ngati mlonda wawo. Nyama sindinadye. Azakhali ena a mwamunayo anandiikira dzanja pamutu nkundipempherera.

Kenako zithunzi, panja pa holo. Banja la mwamuna mano mbee, mzere wonse. Ine pafupi ndi mkwatibwi, ndi dzira langa. Wojambula wati bambo asekeko. Kachiwiri. Kachitatu wabwera kudzandikonza tayi, kuyesa mwina ikundikanyanga. Kachinayi watsitsa kamera, wati iye chithunzi cha maliro sanauzidwe.

Wachisamba tsiku lonse sanandiyang'ane. Ngakhale pamenepo sanatembenuke, maso ali kukamera, akumwetulira. Ndinangomva dzanja lake lalowa mkhwapa mwanga, wanditsina kolimba ngati mmene amachitira mayi ake.

"Sekani, bambo. Ndalipira ine dzino limenelo, lioneke."

Ndinatsegula, lonse. Wojambula anajambula kamodzi, nkuyang'ana mkamera, nkunena kuti tibwereze, wina awapatse bambowo kansalu apukute mmaso.