Ndere za pa Chiliza cha Esitele

12 Okutobala 1998
Yankho lafika kuchokera ku nyumba yosungira zomera zouma ku Zomba. Ndere zachikasu zimene ndinatumiza sazidziwa. Mwina ndi mtundu umene sunalembedwepo. Akufuna zina, zokhala ndi timbale ta mbewu. Pa malo amene ndinazipeza ndinalemba m'Chilatini: in saxo, Mkanda. Pa mwala. Sindinaname, ndinangosiya kunena kuti mwalawo ndi chiliza cha mkazi wanga.
Zikapezeka kuti ndi zatsopano, dzina ndasankha kale: estherae, dzina la Esitele m'Chilatini.

19 Okutobala
Kumanda, ndi galasi lokuzira zinthu. Timbale tayamba, tating'ono ngati njere za fodya, tosakhwima. Amayi ochokera kudimba andiona nditagwada, nyundo ili pambali. Moyo wanga wonse ndaphunzitsa ana awo Chilatini. Lero andikweza pa udindo. Ndine mfiti.

25 Okutobala
Titatuluka Misa, alamu anga a Cyprian: "Aphunzitsi, manda a mlongo wathu ada ngati a munthu wopanda abale. Pa tsiku lokumbukira akufa tikatsuka." Ndawafotokozera modekha, mfundo ndi mfundo. Amvetsera mwaulemu kufikira ndatha, nati, "Mwalankhula bwino. Koma mkamwini salamula kumanda."

30 Okutobala
Luwiza, mwana wanga, wafika ndi njereza ya ku Chipata ndi bulashi ya waya. Zimene ndere zamanga chimwalirire Esitele, bulashiyo idzazithetsa nyimbo yoyamba isanathe.

1 Novembala
Ndapita kumanda kukatenga ndere. Ndere zotere sazipala. Amabenthula mwala umene zamerapo, monga ndinachitira m'mphepete poyamba paja. Timbale takhwima, koma pa malo amodzi okha: m'kati mwa zilembo za dzina lake, mmene mumakhala chinyezi. Ndinaika tchizulo pa E. Ndinakweza nyundo.
Ndabwerera ndi envulopu yopanda kanthu.

2 Novembala
Mudzi wonse kumanda. Luwiza wandipatsa bulashi pamaso pa anthu: "Yambani ndinu, bambo, asiye kukunenani." Ndatsuka ndine, ndipo ndatsuka bwino, sindinagwirepo ntchito mwaulesi. A Cyprian andigwira chanza.
Esitele sankalola ngakhale kangaude m'nyumba mwake. Wapambananso. Dzina lake tsopano likuwerengeka kuchokera kumsewu. Ku Zomba sadzaliwerenga.
M'zikhadabo mudakali chikasu. Sindinasambe m'manja.